Makompyuta Atsopano ndi Maso a Bambo Mwale

Ana anga, mumandiseka kuti foni ikangoyamba kunena zosintha zam'kati mwake ndimayiponya pampando n'kutuluka panja. Mumati amayi amaopa zatsopano. Sindiziopa ayi. Zinanditopetsa, ndipo mutu uno ndaulemba kuti mudziwe kumene zinanditopetsera.

Mavwere, ntchito yoyamba

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata pa esiteti ya fodya ku Mavwere, dziko lidakali la chipani chimodzi. Ndinali nditangomaliza kosi ku Lilongwe, bambo anu asanandifunsire n'komwe. Ofesi inali kachipinda kogundizana ndi shedi yosankhiramo fodya, moti madzulo ndinkafika kunyumba ndikununkha ngati ndaswera kusuta. Makina anga otayipira anali ndi chilembo chimodzi chokakamira, ndipo ndinkachibweza ndi chikhadabo. Manijala wa pamenepo anali waukali, koma wosavuta kumumvetsa. Chinthu chikathyoka ankati konzani. Chikakanika kukonzeka, m'pamene ankagula china. Ndinakhala pamenepo zaka zingapo ndikutayipa mayina a matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo ndinkayesa kuti kulikonse ntchito imayenda motero.

Paboda, zaka zoyamba za matipati ambiri

Matipati ambiri atabwera, malonda a mbewu anamasuka, makampani ogula mtedza ndi nyemba n'kumera ngati bowa. Imodzi mwa makampaniwo inandilemba ntchito pa ofesi yake ya paboda, kufupi ndi Kachebere. Ntchito yathu inali kukonza mapepala a malole odutsa pachipata kupita ku Zambia ndi obwera kuno. Tinkalemba nambala ya lole, dzina la dalaivala, kulemera kwa katundu ndi kumene akupita. Pepala likalakwika pang'ono pokha, a zamsonkho sankalola lole kudutsa.

Kumeneko n'kumene ndinagwira kompyuta koyamba. Tinali nawo awiri, a sikirini yakuda yolemba zilembo zobiriwira. Panalibe zithunzi kapena kamuvi koloza, zonse zinkayenda ndi mabatani basi. Pulinta yake inkalira ngati kachigayo, koma inkamenya pepala ndi timisomali, choncho kaboni ankadinda mapepala onse apansi nthawi imodzi, monga ankafunira a pachipata.

Amene anandiphunzitsa anali a Mwale, kalaliki wamkulu msinkhu kuposa tonse. Kwawo kunali ku Kapondo, koma ankachita lendi kanyumba pafupi ndi boda, n'kumapita kumudzi mwezi ukatha. Anali aatali, osalankhulalankhula, mkulu wa mpingo, ndipo ine ankanditchula ndi mfunda wanga, aNaphiri. Akakhala pa kompyuta sankayang'ana kwenikweni pa sikirini. Munthu wina ankawawerengera pepala la dalaivala, kapena dalaivala mwini wake ankangotchula, iwo zala zikuthamanga, nkhope ataipendeketsera kuwindo ngati akumvetsera wailesi. Ankandiuza kuti, "Musamayang'ane zala, aNaphiri. Zala zili ndi nzeru zawozawo." Patapita zaka anandikweza kukhala mkulu wa ofesiyo chifukwa ndinali ndi satifiketi, iwo analibe. Sanasonyeze nsanje. Tsiku limenelo anandigulira fanta.

Chaka chimene kampani inagulidwa

Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kampani yathu inagulidwa ndi anthu ena akunja. Posakhalitsa kunabwera a Chirwa, manijala woyang'anira nthambi zonse, kuchokera kulikulu ku Lilongwe. Anaima pakati pa ofesi, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Mayi Zulu," anatero, popeza iwo ankanditchula dzina la bambo anu, "mwezi wamawa makina awa tikuwachotsa. Eni ake atsopano akufuna maofesi onse akhale pa sisitemu imodzi ndi likulu."

"Kodi awa awonongeka pati, bwana?"

"Sanawonongeke. Kungoti salankhulana ndi a kulikulu."

"Nanga bwanji osadikira kuti mtedza uthe? Mwezi wamawa ndi pamene malole amafola mpaka kumsika."

"Katswiri wanena kuti ndi ntchito ya masiku owerengeka. Musadere nkhawa."

Masiku owerengeka aja anatidyera nyengo ziwiri za mtedza. Katswiriyo anali a Jere, bambo wofatsa amene ankazungulira nthambi zonse yekhayekha, maso ali psuu ndi tulo. Sindimawaimba mlandu. Iwonso anangosenzetsedwa katundu. Anafika ndi makatoni, natsitsa makompyuta oyera okongola, aliyense ali ndi kachipangizo ka chingwe kotchedwa mawusi, koyendetsera kamuvi pa sikirini. Vuto loyamba linaoneka tsiku lomwelo. Madisiketi athu akale, mmene munali mayina a madalaivala, a malole ndi a ogula onse, anali aakulu, osalowa pakamwa pa makina atsopano. A Jere anayesa njira zawo, zinthu n'kusamuka ndithu, koma titatsegula tinapeza mayina asanduka tizizindikiro tosawerengeka ngati mapazi a nkhuku. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mayi, izi mungozilembanso." Ntchito ya zaka zonse zija tinayamba kuitayipanso, malole ali pamzere panja.

Kenaka pulinta. Makina atsopano sankaidziwa pulinta yathu yakale, ndiye anatibweretsera ina yopopera inki, yachete bwino. Koma yopopera simenya pepala, choncho kaboni sankadinda. Tinkasindikiza pepala limodzi, kenaka n'kukhala pansi kukopera ndi bolopeni pa mafomu a pachipata. Tinali ndi makompyuta amakono kuposa ofesi iliyonse paboda, koma tikulemba pamanja ngati ana a sukulu. Inki yakeyo inkatha msanga, ndipo ku Mchinji konse kunalibe sitolo yogulitsa. Ikatha tinkatumiza uthenga ku Lilongwe n'kumadikira basi. Pamapeto pake likulu linaitanitsa pulinta ina ya timisomali kuchokera ku Joni, yofanana ndi imene anatilanda ija, kusiyana kwake chingwe chokha.

Magetsi nawo anali ndi nkhani yawo. Makina akale magetsi akaphethira ankangoyambiranso msanga. Atsopanowa ankatenga nthawi kudzuka, nthawi zina osadzuka n'komwe mpaka a Jere abwere. Likulu linagula mabokosi a mabatire osunga magetsi, limodzi linapsa ndi mphenzi mvula yoyamba. Kuti tilumikizane ndi likulu, kompyuta inkaimba foni pa layini yomweyo ya ofesi, ndiye madalaivala akaimba ankapeza foni ili bize tsiku lonse. Anthu ena ataba waya wa mafoni m'mbali mwa msewu, ndinayamba kukwera minibasi kupita kuboma ndi disiketi m'chikwama kuti ndikatumizire kumeneko. Maphunziro a makina atsopano ankachitikira ku Lilongwe, ndipo ankatiitana mmodzimmodzi, nthawi yomweyo imene ofesi inkafuna manja ambiri.

Zonsezi zinkafuna ndalama, ndipo sitinachedwe kudziwa kumene ndalamazo zinkachokera. Tiyi wa m'mawa anatha. Bonasi ya Khirisimasi inazimiririka. Pikapu ya ofesi anaigulitsa. Mesenjala wathu atapuma sanalembenso wina. Nditadandaula, a Chirwa anandiyankha pafoni kuti, "Mayi Zulu, walira mvula walira matope." Ndinangoti, "Chabwino, bwana," koma mumtima ndinafunsa kuti kodi paboda pano analira mvula ndani? Ife tinali mbuu pansi pouma, ntchito ikuyenda.

Nyengo ya mtedza

Pakati pa chipwirikiti chonsechi, sindinaone msanga zimene zinkachitikira a Mwale. Aliyense ankavutika ndi mawusi, ndiye kuvutika kwawo sikunandidabwitse. Koma anzathu atazolowera, iwo anali pomwepo. Ankayendetsa kachipangizoko uku ndi uku, kamuvi katawasowa. Sisitemu yatsopano sinkalola kungotayipa. Inkatsitsa mndandanda wa tizilembo ting'onoting'ono kuti munthu asankhepo ndi kamuvi. Ndinawaona kangapo atayandikitsa nkhope pa sikirini mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, ndipo akamva mapazi anga ankadzuka msanga n'kuyamba kupukuta tebulo.

Ndiye linadza tsiku la lole ya a Tembo, dalaivala wa ku Chipata amene ankatinyamulira mtedza kupita ku Lusaka. A Mwale anasankha pa mndandanda lole ina ya nambala yofananako, yonyamula katundu wochepa. A zamsonkho atayeza anapeza mapepala akunena zina, lole ikunena zina. Anaganiza kuti tikuzembetsa katundu, ndipo anaigwira. Inakhala pachipata masiku ambiri. Wogula wa ku Lusaka anatopa kudikira n'kukagula kwina. A Tembo ankabwera ku ofesi m'mawa uliwonse, malaya ali fumbi lokhalokha.

"Nanga ine nalakwa chani, amai?" ankatero m'chinyanja chawo cha kutsidya. "Nikugona pansi pa motoka monga galu. Mukazi wanga adwala ku Chipata."

A Chirwa anaimba foni mawu ali okwera. Anati kampani yalipitsidwa chindapusa, yatayanso wogula wamkulu, ndipo eni ake akufuna lipoti. Sisitemu yatsopano inkasunga dzina la aliyense amene walemba pepala, choncho ankadziwa kale kuti ndi a Mwale. Chimene ankafuna kwa ine n'chakuti ndilembe ngati kunali kusasamala. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Munthu wochotsedwa chifukwa chosasamala ankachoka chimanjamanja, wopanda penshoni.

Masana a tsiku limenelo, anzathu atapita kukadya, ndinawapeza a Mwale atakhala pabenchi kuseri kwa ofesi. Patsogolo pathu, mtunda wongoponya mwala, panaima lole ina.

"Bambo Mwale, tandiwerengereni nambala ya lole iyo."

Anayang'ana komweko nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndikuona kuti pali lole."

"Zinayamba liti?"

"Kale, aNaphiri. Musanakwezedwe n'komwe. Zinayamba ngati utsi wa m'khitchini, tsopano ndi nkhungu. Makina akale aja ndinkawadziwa ngati njira ya kumunda kwanga. Zilembo zobiriwira pa mdima ndinkaziona pang'ono, zotsalazo zala zinkamaliza. Awa akundithobwa m'maso ngati malata masana."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani mukanatani? Mukanakhala ndi katundu amene muli naye leroyu. Ndili ndi ana awiri ku sekondale. Ndisiyeni ndithe chaka chino ndi chamawa. Lembani kuti ndinalakwitsa, andipatse chenjezo. Ndidzasamala."

Ndinayesa njira zonse zimene ndinkaziona. Ndinafunsa a Jere ngati tingabweze kompyuta imodzi yakale kuti a Mwale azigwirira pamenepo. Anati sizingatheke, ziwirizo sizimvana, komanso akale aja anawataya kale kulikulu. Anakulitsako zilembo pa sikirini, koma mndandanda uja sunkakula. Ndinaganiza zowapatsa ntchito yopita ndi mapepala pachipata, koma udindo wa mesenjala unali utafafanizidwa. Ndinaganiza zomawagwirira ntchito yawo m'dzina lawo, koma ine ndemwe ndinali nditamira kale ndi ntchito yanga, ndipo a Tembo ena akanadzagonanso pansi pa lole. Ndikanalemba zimene anandipempha, mwina akanapulumuka ndi chenjezo, mwinanso ayi. Ndipo akanalakwitsanso kachiwiri, palibe akanamvera za maso. Akanati bwanji simunanene poyamba.

Ndinakambirana ndi bambo anu. Iwo anangoti, "Njira zonse ziwiri akudandaula nawe. Sankha imene idzawasiyire chakudya." Ndinagwira njakata mpaka Lamulungu. Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Lolemba m'mawa ndinawaitana a Mwale ndisanalembe chilichonse, chifukwa sindinafune kuti akamve kwa wina.

"Bambo, ndilemba zoona. Ndinena kuti ndi maso, ndipo ndipempha kuti akupumitseni pa chifukwa cha matenda, mulandire zanu zonse."

"Ndinakupemphani, aNaphiri."

"Munandipempha, bambo. Koma sindingathe."

"Ngati mwaganiza kale, mwandiitaniranji?"

Anatenga jekete yawo pa msomali n'kutuluka. Aka kanali koyamba kuwaona akuweruka dzuwa lisanapendeke.

Lipotilo sindinatumize, ndinapita nalo ndekha ku Lilongwe. A Chirwa analiwerenga, navula magalasi awo. Ndinayembekeza mkangano, ndipo ndinali nditakonzeka. Ndinawauza kuti munthuyu wagwira ntchito zaka zonsezi osalakwitsa, ndipo chinasintha si iye, ndi makina. Anandiyankha motsitsa mawu kuti, "Mayi Zulu, mukuganiza kuti ine ndinawafuna makinawa? Nanenso anangondiuza." Ndiyenera kunena chilungamo, anamenya nkhondo. Eni ake ankafuna munthu woti amuloze chala, koma a Chirwa anaumirira kuti a Mwale akaonedwe ndi dokotala. Dokotala anapeza ng'ala m'maso onse awiri, komanso matenda a shuga amene anali atawononga kale diso limodzi. Anawapumitsa ndi penshoni yawo. Inali yochepa poyerekeza ndi malipiro, ndipo mwana wawo mmodzi anayamba wasiya sukulu chaka chimenecho. Zimenezi ndinazimva kwa anthu, ndipo zinandipweteka.

Tinasonkherana tokha kugula mabanzi ndi zakumwa zowatsanzikira. Anabwera, anapemphera pemphero lalitali lodalitsa aliyense, anagwirana chanza ndi onse. Ine anandipatsa nsonga za zala.

M'malo mwawo sanalembe munthu. Anati makina atsopano amachepetsa ntchito. Kunena zoona, nyengo ziwiri zija zitadutsa zinthu zinakhazikika, ndipo zina zinkayendadi msanga kuposa kale. Likulu linkaona malole athu tsiku lomwelo. Koma kulikulu akamawerengera mtengo wa kusinthaku ankatchula makompyuta, mapulinta ndi maalawansi a a Jere. Wogula wa ku Lusaka sankamutchula, masiku a a Tembo pansi pa lole sankawatchula, a Mwale sankawatchula. Ndikakumbukira zimenezi mpaka lero mtima umandiwawa.

Kapondo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000

Sisitemu imene tinaivutikira chonchi sinakhalitse. Titangoizolowera bwinobwino, kunabwera uthenga wakuti kukubwera ina, yoyendera intaneti, ndipo mapepala ambiri azikonzedwa ku Lilongwe komweko. Ofesi ya paboda inangofunika munthu mmodzi wodinda sitampa. Anandipatsa mwayi wosankha, kusamukira kulikulu n'kukayambanso maphunziro, kapena kupuma msanga. Inu munali pasukulu kuno, munda wathu uli kuno. Ndinapuma.

Mwezi wotsatira ndinakwera minibasi, kenaka kabaza, kupita ku Kapondo. Zaka zonsezo ndinali ndisanawaone a Mwale. Ndinkangomva kuti diso limodzi analichita opaleshoni ku chipatala cha mishoni ndipo likuona pang'ono, komanso kuti mwana uja anabwerera kusukulu n'kumaliza. Ndinawapeza pakhonde, lichero lili pamiyendo, akuswa mtedza wa mbewu. Tsitsi lonse linali loyera. Ndisanathe kuodira anati, "Mawu awo ndi a aNaphiri."

Mayi a kunyumba kwawo anandiyalira mphasa. Tinalonjerana, tinafunsana za ana, za mvula, za mtengo wa feteleza. 

"Ndinakukwiyirani zaka zambiri," anatero a Mwale, osasiya kuswa. "Ndine mkulu wa mpingo, koma sindikunamizani kuti zinatheratu. Masiku ena ndimati munachita bwino. Masiku ena ndimati mukanandisiya."

"Nanenso ndimatero, bambo."

Anagwedeza mutu. "Nanga makina aja akuyendabe?"

"Awachotsa. Kwabwera ena."

Manja awo anaima. Anatembenuza nkhope kuti andione ndi diso labwino lija.

"Ulendo uno atenga ndani?"

"Ine, bambo."

Sanaseke, sanandipepesenso. Kenaka anatapa mtedza wodzaza manja awiri n'kuuthira pa chitenje changa.

"Ndiye simukuthamangira kulikonse," anatero. "Sendezani mphasayo kuno kumthunzi. Thumba lonseli likufunika lithe mvula isanagwe."